Ashoka analapa, koma Kalinga sanabweze

Aliyense amene anagwirapo ndalama ya rupee, kapena kuona chikuto cha pasipoti ya dziko la India, anaonapo mikango itaima mofulatirana. Pakati pa mbendera ya dzikolo palinso gudumu la masipoko 24. Zizindikiro ziwirizi zinatengedwa pachipilala chimene anaimika Ashoka, mfumu yomwe inalamulira dera lalikulu la India kuyambira cha m'ma 268 mpaka 232 Yesu asanabadwe. Mbiri yake anthu amaifupikitsa chonchi: anali mfumu yankhanza, anapha anthu osawerengeka pankhondo ya ku Kalinga, ataona mitembo ili mbwee mtima unamupweteka, analowa chipembedzo cha Chibuda, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka munthu wamtendere.

Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu, koma yasalala kwambiri, ndipo kusalala kwakeko kukutibisira chinthu chofunika. Ashoka analapadi, ndipo mawu ake olapa anawazokota pamatanthwe kuti asafufutike. Koma dziko limene analanda ndi magazi sanalibweze, gulu lake lankhondo sanalithetse, ndipo kwa anthu a ku Kalinga enieniwo mawu olapawo sanawalembe. Ine ndikuti Ashoka ndi woyenera ulemu waukulu, koma pachifukwa china: anatisiyira muyeso woyezera kulapa kwa anthu amphamvu, ngakhale kuti iye mwini sanaukwanitse wonse.

Ashoka wa m'nthano ndi Ashoka wa pamiyala

Ashoka anali mwana wa Bindusara komanso mdzukulu wa Chandragupta Maurya, yemwe anayambitsa ufumu wa Maurya cha m'ma 322 BC. Likulu lawo linali Pataliputra, pomwe lero pali mzinda wa Patna. M'masiku a Ashoka ufumuwu unayambira kudera limene lero ndi Afghanistan, kukafika ku Bengal, n'kutsikira kummwera mpaka ku Karnataka.

Zimene timadziwa za iye zimachokera kuwiri. Mbali imodzi kuli mabuku a Abuda, monga Ashokavadana wa ku India ndi Mahavamsa wa ku Sri Lanka, omwe analembedwa patapita zaka mazana angapo iye atamwalira. M'mabuku oterewa ndi mmene muli nkhani zoti anapha abale ake 99 polimbirana ufumu, anamanga ndende yozunziramo anthu, kenako atatembenuka mtima anamanga malo opatulika 84,000 osungiramo zotsala za thupi la Buddha. Olemba ake anali amonke, ndipo aliyense amene anamvapo munthu akupereka umboni m'tchalitchi akudziwa mmene zimakhalira: moyo wakale umadetsedwa kwambiri pofuna kuti watsopanowo uwale. Chonsecho Ashoka mwiniwake, pa zolemba zake, amatchula makomo a abale ake ndi a alongo ake, zomwe zimakayikitsa zoti anawatha onse.

Mbali inayo kuli mawu ake enieni, ozokotedwa pamatanthwe ndi pazipilala m'malo osiyanasiyana ku India, Nepal, Pakistan ndi Afghanistan. Kwa zaka mazanamazana panalibe wotha kuwawerenga, mpaka mu 1837 pamene James Prinsep, yemwe ankagwira ntchito kumalo osulira ndalama zachitsulo ku Calcutta, anatulukira kawerengedwe ka zilembo za Brahmi. Mfumu yolankhula pamiyalapo inkadzitcha Devanampiya Piyadasi, ndipo mawu oyambawo amatanthauza wokondedwa wa milungu. Dzina lenileni loti Ashoka linadzapezeka pamwala mu 1915 ku Maski. Zambiri mwa zolembazi zili m'chilankhulo cha Prakrit, chomwe chinali pafupi ndi kalankhulidwe ka anthu wamba, ndipo ku Kandahar kunapezeka mwala mu 1958 wolembedwa m'Chigiriki ndi m'Chiaramu. Munthuyu ankafuna kumvedwa ndi mtundu uliwonse m'chilankhulo chake. Ngati tikufuna kumuweruza, tiyambire pamiyalapa.

Zimene anavomera

Patatha zaka 8 atavekedwa ufumu, cha m'ma 260 BC, Ashoka anathira nkhondo Kalinga, dziko la m'mphepete mwa nyanja kummawa, komwe lero kuli chigawo cha Odisha. Anapambana. Zotsatira zake anazilemba mu uthenga umene akatswiri amautcha wa nambala 13 pa mauthenga akuluakulu a pamatanthwe. Iye akuti anthu 150,000 anagwidwa n'kusamutsidwa kwawo, 100,000 anaphedwa, ndipo ena ochuluka kuposa pamenepo anafa pambuyo pake.

Taganizani kaye za nthawi imene ankalemba zimenezi. Mafumu akale ankalemba ziwerengero za adani ophedwa ngati chinthu chonyadira. Mafumu a ku Asuri ndi a ku Igupto ankadzijambulitsa pazipupa akuphwanya mitu ya ogonjetsedwa. Ashoka anatenga chiwerengero chomwecho n'kuchisandutsa mlandu wake. Sananene kuti akazembe ake anapitirira malire, kapena kuti a ku Kalinga ndiwo anayamba. Anafotokozanso chinthu chimene opambana nkhondo sakonda kuchiona: kuti ngakhale amene anapulumuka osavulala amavutikabe, chifukwa anzawo ndi abale awo anaphedwa kapena kutengedwa. Ananena kuti tsopano, ngakhale atavutika anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi aja a ku Kalinga, kwa iye chingakhale chinthu cholemera. Ana ndi adzukulu ake anawalangiza kuti asamalakelake kulanda maiko atsopano, ndipo ngati atagonjetsa ena, akhale oleza mtima ndi opereka chilango chopepuka.

Chochititsa chidwi n'chakuti mabuku a Abuda aja satchula n'komwe za nkhondo ya ku Kalinga. Akanakhala chete Ashoka, bwenzi lero tisakudziwa za anthu 100,000 amenewo. Mboni yokhayo pamlanduwu ndi woimbidwa mlandu yemwe.

Zimene sanachite

Apa ndi pamene nthano yokoma ija imayamba kung'aluka. Choyamba, kutembenuka kwake sikunali kwa tsiku limodzi pabwalo lankhondo. Mu uthenga wina wamfupi iye akuvomera kuti anakhala wotsatira wamba wa Buddha kwa zaka zoposa ziwiri ndi theka, koma poyamba analibe changu chilichonse, mpaka pamene anayandikira gulu la amonke. Mabuku a ku Sri Lanka amaika kutembenuka kwake nkhondo ya ku Kalinga isanachitike. Ngati akunena zoona, ndiye kuti amene anathira nkhondo Kalinga anali kale Mbuda.

Chachiwiri, Kalinga anakhalabe m'manja mwake. Anaikako akuluakulu ake ku Tosali ndi ku Samapa, ndipo pa zolemba zake zonse palibe pamene akunena kuti anthu 150,000 aja anawabwezera kwawo. Madzi akatayika saoleka, n'zoona, akufa sakanawadzutsa. Koma ogwidwawo anali amoyo, ndipo dziko lawo linali pomwepo.

Chachitatu, mu uthenga womwewo wa nambala 13, atangomaliza kulira, akutembenukira kwa anthu okhala m'nkhalango za mu ufumu wake. Akuwauza kuti ngakhale walapa, mphamvu akadali nazo, choncho asinthe khalidwe lawo kuti asaphedwe. Misozi ili m'maso, dzanja lili pamkondo.

Chachinayi ndi chimene chimandivuta kwambiri. Mauthenga akuluakulu a pamatanthwe anazokotedwa ku Girnar kumadzulo, ku Kalsi kumpoto, ku Shahbazgarhi ndi ku Mansehra komwe lero ndi Pakistan, ndi ku Erragudi kummwera. Ku Kalinga nakonso alipo, ku Dhauli ndi ku Jaugada. Koma m'malo awiri amenewa uthenga wa nambala 13 mulibe. Munthu wa ku Girnar, yemwe nkhondoyo sinamukhudze, ankatha kumva kuti mfumu ikumva chisoni ndi zimene inachita ku Kalinga. Mayi wamasiye wa ku Kalinga sanalembedwere mawu amenewo pathanthwe la kwawo.

Ena amati mfumuyo sinafune kutosa chilonda chosapola. Ena amati sinafune kuonetsa kufooka pamaso pa anthu omwe akanatha kuukira. Zonse ziwiri n'zotheka, koma zonse zikutiuza chinthu chimodzi: Ashoka ankasankha mwanzeru woti amve kulapa kwake. Kupepesa kumene kwafika kwa aliyense kupatula wolakwiridwayo n'kupepesa kopereweza.

Nanga tinene kuti zinali ndale chabe?

Pofika apa wina anena kuti ukaipa dziwa nyimbo: Ashoka anali atalanda zonse zimene ankafuna, ndiye anangovala mkanjo wachipembedzo kuti anthu amugonjere mosavuta. Maganizo amenewa amamveka anzeru, makamaka kwa ife achinyamata amene tatopa ndi malonjezo a atsogoleri. Koma nawonso ndi aulesi ngati nthano ija, chifukwa safuna kuona zimene zinasinthadi.

Ashoka analamulira zaka pafupifupi 28 nkhondo ya ku Kalinga itatha, ndipo palibe umboni woti anathiranso nkhondo yolanda dziko lina. Kummwera kunali maufumu a Chola ndi Pandya omwe sanali pansi pake. Asilikali anali nawo, koma anawasiya. M'malo mwake akuti anatumiza nthumwi, mpaka kwa mafumu achigiriki omwe akuwatchula maina, monga Antiochus wa ku Syria, Ptolemy wa ku Igupto ndi Magas wa ku Cyrene. Mfumu yamphamvu imene yasiya nkhondo kwa zaka 28 yasintha chinthu chenicheni, ngakhale titakayikira za mumtima mwake.

Ndiponso taonani ntchito zimene ankadzitamandira nazo. Akuti anakonza chithandizo cha mankhwala cha anthu ndi cha ziweto, ndipo kumene kunalibe zitsamba zochiritsa anazibweretsa n'kuzibzala. M'mbali mwa misewu anabzala mitengo yamtundu wa kachere kuti ipereke mthunzi kwa anthu ndi nyama, anabzala minda ya mango, anakumba zitsime, anamanga nyumba zopumuliramo apaulendo. Analamula kuti akuluakulu a boma aziyendera madera awo zaka zisanu zilizonse. Ananena kuti obweretsa nkhani za anthu azimupeza nthawi iliyonse, kaya akudya, kaya ali kuchipinda, kaya ali kumunda wamaluwa. Atapita ku Lumbini, kobadwira Buddha, patatha zaka 20 ali pampando, anachepetsera mudziwo msonkho, ndipo chipilala chonena zimenezi chikadali chiimire ku Nepal.

Pali kachinthu kena kamene kamandichititsa kumukhulupirira. Mu uthenga woyamba akunena kuti kale kukhitchini ya mfumu ankapha nyama zochuluka tsiku ndi tsiku, koma tsopano akungopha mapikoko awiri ndi nswala imodzi, ndipo nswalayo si masiku onse. Akulonjeza kuti mtsogolo ngakhale zitatuzi adzazisiya. Munthu wongofuna kutchuka akanalemba kuti anasiyiratu nyama. Uyu anazokota pathanthwe kuti mapikoko akumuvutabe kusiya.

Ku Kalinga komwe sanalembeko mawu olapa, anaikako mauthenga awiri apadera. Mmenemo akunena kuti anthu onse ndi ana ake, ndipo akudzudzula akuluakulu ake omwe: akuti zimachitika kuti munthu amatsekeredwa kapena kuzunzidwa popanda chifukwa, ndipo zikatero ambiri amavutika naye. Akutchula zimene zimasokoneza woweruza, monga nsanje, kupsa mtima, nkhanza, phuma ndi ulesi, n'kulonjeza kuti azitumiza munthu wofatsa zaka zisanu zilizonse kudzaona ngati zinthu zikuyenda mwachilungamo. Analamulanso kuti mawuwa aziwerengedwa mokweza pamasiku oikika. Choncho a ku Kalinga sanamve kupepesa, koma anapatsidwa mawu a mfumu oti akhoza kulozera wowazunza. Sindikuti zimenezi zikulowa m'malo mwa kupepesa. Ndikuti si zachabe.

Mfumu yachibuda ya anthu osakhala Abuda

Chinthu china chimene anthu amasokoneza ndi mawu oti dhamma, omwe Ashoka amawabwereza pafupifupi paliponse. Iye anali Mbuda, ndipo sabisa. Koma dhamma imene ankalalikira kwa anthu ake sinali chiphunzitso chakuya cha amonke. Mauthenga ake satchula n'komwe nirvana. Amakamba za kumvera makolo, kulemekeza aphunzitsi, kuchitira bwino akapolo ndi antchito, kupatsa, kunena zoona, ndi kupewa kupha zamoyo. Izi munthu wachipembedzo chilichonse akanatha kuzitsata.

Mu uthenga wa nambala 12 akufika ponena kuti munthu amene amatamanda chipembedzo chake n'kumanyoza cha ena, poganiza kuti akuchikweza, kwenikweni akuchiwononga. Akupempha magulu onse kuti azisamala pakamwa ndi kumvetserana. Sanangolankhula: mapanga a ku Barabar, osemedwa m'thanthwe, anawapereka kwa a gulu la Ajivika, omwe ankatsutsana ndi Abuda. Munthu amene wangotembenuka kumene nthawi zambiri ndiye amakhala wovuta kwa azipembedzo zina. Ashoka anali ndi changu cha wotembenuka komanso asilikali a ufumu wonse, koma sanakakamize anthu kulowa Chibuda. Kwa ine, ichi n'chachikulu kuposa misozi ya ku Kalinga.

Komabe ngakhale apa tisamupake mafuta ambiri. Chilango cha imfa sanachithetse. Anangopereka masiku atatu kwa oweruzidwa kuti abale awo akadandaule, kapena kuti iwo akonzekere moyo winawo. Ukapolo sanauthetse. Analamula kuti mmonke kapena sisitere wachibuda aliyense wogawanitsa gulu avekedwe zoyera n'kuchotsedwa, kutanthauza kuti boma linkalowerera nkhani za chipembedzo. Patatha zaka 13 ali pampando anakhazikitsa akuluakulu apadera oona za dhamma, omwe ankafika paliponse, ngakhale m'makomo a abale a mfumu. Iwo ankathandiza akaidi, okalamba ndi osowa, komanso n'zosavuta kuona mmene udindo woterewu ungasandukire ukazitape. Mtsogoleri akayamba kutcha anthu akuluakulu ana ake, m'pofunika kukhala tcheru, chifukwa mwana safunsidwa maganizo.

Zimene zinatsala

Ashoka atamwalira, ufumu wa Maurya sunakhalitse. Cha m'ma 185 BC mfumu yomaliza, Brihadratha, inaphedwa ndi mkulu wa asilikali ake, Pushyamitra Shunga. Ena akhala akunena kuti mtendere wa Ashoka ndi umene unafooketsa ufumuwo. Koma taona kale kuti asilikali sanawabalalitse, ndipo katswiri wa mbiri yakale Romila Thapar, m'buku lake la mu 1961 lonena za Ashoka ndi kugwa kwa ufumu wa Maurya, analozera kwina: ufumu waukulu chotero, wodalira mphamvu za munthu mmodzi ku likulu, sukanalimba m'manja mwa olowa m'malo ofooka. Phunziro lake n'lowawa. Ubwino umene ukudalira mtima wa mfumu umapita nayo kumanda.

Chimene chinakhalitsa ndi Chibuda. Malinga ndi mabuku a ku Sri Lanka, mwana wake Mahinda ndi amene anapititsa chiphunzitsochi pachilumbacho m'nthawi ya mfumu Devanampiya Tissa, ndipo mwana wake wamkazi Sanghamitta anapita ndi nthambi ya mtengo umene Buddha anaunikiridwa ali pansi pake. Mtengo wa ku Anuradhapura ukulemekezedwabe mpaka lero.

Pa nthawi imene India ankalandira ufulu, atsogoleri ake anafuna chizindikiro chosakondera Ahindu kapena Asilamu, ndipo anachipeza kwa Ashoka. Mbendera yokhala ndi gudumu lija inavomerezedwa pa 22 July 1947, ndipo mikango ya pachipilala cha ku Sarnath inakhala chizindikiro cha boma pa 26 January 1950. B. R. Ambedkar, amene anatsogolera ntchito yolemba malamulo oyendetsera dzikolo, analowa Chibuda ku Nagpur pa 14 October 1956 pamodzi ndi anthu zikwi mazanamazana omwe ankasalidwa chifukwa cha mtundu wobadwira. Koma boma lomwelo la chizindikiro cha Ashoka linaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya ku Pokhran mu 1974, ndipo ntchitoyo imadziwika ndi dzina loti Smiling Buddha, kutanthauza Buddha womwetulira. Zikuoneka kuti India anatengera Ashoka yense: wa mawu amtendere uja, ndi wochenjeza anthu a m'nkhalango uja.

Muyeso wake

Tikachotsa nthano, Ashoka akutisiyira mafunso atatu oti tizifunsa munthu wamphamvu akati walapa. Kodi watchula cholakwacho ndi dzina lake, ndi chiwerengero chake, popanda kuloza ena chala? Kodi zochita zake zasintha mwa njira yoti n'kuiona? Kodi wolakwiridwayo wauzidwa pamaso, ndipo chimene chikanatheka kubwezedwa chabwezedwa? Pa funso loyamba Ashoka anakhoza bwino kwambiri. Pa lachiwiri anakhoza, ngakhale pali zoperewera. Pa lachitatu analephera.

Mafunsowa si akale okha. Pa 30 June 2020 mfumu Philippe ya ku Belgium inalembera mtsogoleri wa dziko la Congo kalata yonena kuti ikumva chisoni kwambiri ndi nkhanza za nthawi ya atsamunda, koma mawu oti pepani sanatuluke. Mu 2021 dziko la Germany linavomera kuti zimene linachita kwa Aherero ndi Anama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908 zinali zofuna kufafaniza mitundu, n'kulonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyo anakana mgwirizanowo ponena kuti iwo sanakhale nawo pazokambiranazo. Patapita zaka zoposa 2,200, funso lachitatu lija likugwetsabe anthu pamalo omwe linagwetsera Ashoka.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi omutcha woyera mtima, komanso sindigwirizana ndi omutcha wachinyengo. Oyambawo amatiphunzitsa kukhutira ndi misozi ya mtsogoleri. Achiwiriwo amatiphunzitsa kuti kulapa kulikonse n'kwabodza, ndipo tikakhulupirira zimenezo tidzasiya kukufuna kwa aliyense. Ena mwa ife amene tili m'makalasi lero tidzakhala ndi maudindo, ndipo tsiku lina chisankho chathu chidzapweteka anthu amene sitikuwadziwa. Mlandu suwola. Tsiku limenelo tidzakumbuke kuti mfumu ina inalemba yokha chiwerengero cha anthu amene inawapha, ndipo tidzakumbukenso thanthwe la ku Dhauli, pomwe chiwerengerocho chinkafunika kwambiri koma sichinalembedwe.